Penti wa pa Geti la Mphuka

Chikondi cha Langford ndi Arminda chinali chitafika poti msika wonse wa pa Boma ukuchidziwa, koma munthu mmodzi amene ankayenera kuchivomera anali atatseka makutu. Munthuyo anali a Bonifasio, bambo ake a Arminda, msodzi wa ku Mphuka wa mawu ochepa ndi mano ochepanso. Kawiri konse Langford anatuma nkhoswe kuchokera kwawo, kumidzi ya kufupi ndi Katondwe, ndipo kawiri konse nkhosweyo inabwerako itangomwa madzi. Mnyamatayu sanali waulesi, mowa sankaulawa, munda wake wa chimanga unali wolozeka. Mlandu wake unali umodzi wokha: anabadwira kwawo kwa timu ya Makasu United.

Musaseke. Kwa a Bonifasio nkhani ya bola sinali yamasewera.

Ndiye Lachisanu lina masana, Langford akupopa njinga pakhonde, foni inalira. Unali uthenga wa Arminda.

"Mawa ni Kapu ya Mbuzi, Makasu yanu ibwera kuno kumenya na Nkhafi Stars yathu. Baba azakhala pa geti. Ine nalema kubisala kuseri kwa msika monga wakuba. Ngati unifuna zoona, ubwere uimirire pamaso pawo."

Asanamalize kumwetulira, foni inali kale m'manja mwa Everisto, mkulu wake, amene ankaimba ng'oma ya masapota a Makasu. Everisto anali munthu wa mtima wapachala, ndipo nkhani ya Mphuka inkamuyabwa kuposa chitedze.

"Pa geti?" anatero, akubweza foniyo moiponya. "Udziwa chimene chili pa geti ya anthu aja? Iwe unali ukali kuyamwa chala pamene tinayenda kumeneko, kapu yomweyi, bola yolowera ku fainolo. Tafika na lole, tapsa na dzuwa, atiuza kuti mwini mudzi alipira kamodzi, mlendo alipira katatu. Katatu, kuti tione timu yathu yomwe. Amalume a Anock anasiya nkhuku pa geti kuti alowe. Talowa, tachinya chigoli choyera, lefa wawo akana, ati bola yalowera pa chibowo cha m'mbali. Nanga ndani anawauza kumanga magolo na ukonde wa nsomba wakutha? Amalume anabwerako khutu lili lende. Mpaka lero chipewa avalira mbali imodzi."

"Izo ni zakale, akulu."

"Zakale? Mtengo ni womwewo mpaka manje. Nikuuze, mawa akangotiputa, sitibwerako chimanjamanja. Kamtsikana kakoko tizakanyamula tikaponye mu lole. Si ndiye ufuna? Ukwatire mahala, osalipira kanthu."

Everisto anaseka mpaka kutsokomola. Langford sanaseke nawo. Ankamudziwa mkulu wake: nthabwala zake zikalawa kachasu zinkamera manja.

* * *

Bwalo la Nkhafi Stars linali lotchingidwa ndi mpanda wa udzu ndi masaka akale, ndipo khomo linali limodzi. Matikiti a pepala anawasiya kalekale, chifukwa wolowa ankakulunga tikiti yake pamwala n'kuiponyera mnzake kunja. M'malo mwake ankagwiritsa ntchito penti wotsala popaka maboti. Ukalipira, ankakulemba mzere pamkono ndi chala. Wabuluu unali wa eni mudzi, amene ankakhala mumthunzi mbali ya ku Zambezi. Wofiira unali wa alendo, amene ankalipira katatu n'kukakhala pachulu, padzuwa lenileni la Okutobala.

Chitini cha buluu chinali m'manja mwa Valentino, mchimwene wake wa Arminda. Chofiira chinali ndi a Bonifasio eni ake, chifukwa ankati mlendo amafunika kumuyang'ana m'maso. Pambali pawo panaima Eston, wamalonda wa boti la injini amene ankapita ndi katundu ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje. Ndiye anagulira timu yunifolomu, ndipo m'mutu mwake ankaona ngati anagula ndi Arminda yemwe.

Lole ya Makasu itatsitsa anthu, phokoso linayamba pomwepo. Ena anali ndi ndalama yokwana, ambiri analibe, ndipo anayamba kutukwana ali kunja. Langford anaima pamzere wa alendo. Atafika kutsogolo anavula chipewa, n'kutambasula mkono.

"Baba, uyu si mlendo."

Anali Arminda. Anasiya mbaula yake ya vitumbuwa pafupi ndi mpanda n'kudzaima pakati pa bambo ake ndi Langford, ufa uli m'manja, thukuta lili pamphuno. Mzere wonse unatembenuka kumuyang'ana. Ku Mphuka aliyense amadziwa kuti mtengo wa eni mudzi amalipira anthu awiri okha: wobadwira pamenepo ndi wokwatira pamenepo. Mtsikanayu anali atanena zonse, pamaso pa midzi iwiri.

"Wayamba misala iwe?" Valentino anamugwira paphewa.

"Musiye, mulamu," anatero Eston, akumwetulira ndi mano okha. "Mwina dzuwa lamulowa m'mutu. Wa Makasu akhale mumthunzi wathu? Angatibere na mbuzi zomwe."

A Bonifasio sanayang'ane aliyense wa awiriwo. Anayang'ana Langford, kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako anakweza mlomo wawo ndi chala kuti aone pamene panali mano.

"Waona apa? Ine ndine n'nali pagolo tsiku lija. Ukonde unali wanga, chibowo n'nali kuchidziwa, bola inalowera m'mbali. N'kali kukamba na lefa, munthu wa kwanu ananipatsa mpini wa khasu pakamwa. N'nalavula mano monga nthanga za chivwende. Nikaona anthu adya chimanga chootcha, nikumbuka Makasu."

"Namva, baba. Ine sin'naliko, koma namva."

"Ukalowa na buluu, ukhala mbali yathu. Makasu ikachinya, ukhala chete. Nkhafi ikachinya, uimirira, abale ako akuona. Ungakwanitse?"

Langford anamva maso a Everisto akumuotcha kumsana. Anayang'ana Arminda, amene anali atatukula chibwano.

"Ningakwanitse, baba."

"Valentino, mupake." Mkuluyo anatembenukira kwa wotsatira pamzere, n'kumaliza mawu ake osayang'ana kumbuyo. "Bola ikatha bwino, utume munthu wako. Nizamupatsa mpando."

Valentino anamupaka, koma anapaka ndi chikhadabo, mpaka magazi anatuluka m'mphepete mwa mzerewo. Langford sanamve kuwawa. Kunena zoona, tsiku limenelo akanamulemba ndi mpeni akanathokozabe. Kumbuyo kwake Everisto analavula pansi.

* * *

Bola yake inali yankhanza kuyambira pa wisulo yoyamba. Anyamata ankatchetchana miyendo ngati akusenga udzu. Masapota a Nkhafi ankavina atanyamula nkhafi zopalasira bwato, monga mwa chizolowezi chawo, ndipo pachulu paja ng'oma ya Everisto inkayankha. Kunja kwa mpanda gulu la amene analephera kulipira linkangokulirakulira, likusuzumira m'mipata, likufunsa kuti zili bwanji.

Langford anakhala pakati pa asodzi, manja ali pakati pa mawondo. Foni inanjenjemera m'thumba.

"Nakuona. Ukhala monga uli pa maliro. Seka pang'ono, mwamuna wanga."

Anawerenga mawu awiri omalizawo mobwerezabwereza. Arminda anali asanamutchulepo choncho.

Chigawo chachiwiri chili pakati, Nkhafi inachinya. Mthunzi wonse unadzuka, fumbi linati kobo. Langford anachedwa pang'ono, koma anaona a Bonifasio ali kugeti kuja atatembenuka, akumuyang'ana iye yekha. Anaimirira. Anakwezanso manja, mzere wabuluu uli poyera.

Ng'oma ya pachulu inaleka.

Mwala woyamba unachokera kunja. Wachiwiri unagwera mayi wina wogulitsa mazira, ndipo anakhala pansi atagwira nkhope, magazi akutuluka pakati pa zala. Kenako gulu lakunja linatsamira mpanda onse pamodzi, mitengo inathyoka, udzu unagwera pa mbaula ya vitumbuwa. Udzu wa Okutobala suchita kupemphedwa. Posakhalitsa mbali yonse ya kugeti inali moto ndi utsi.

Ndewu ya ku Mphuka ili ndi lamulo lake loipa. Mu utsi simuona nkhope, ndiye anthu amagwirana mkono n'kuyang'ana penti. Wabuluu akapeza wofiira, nkhafi pamutu. Wofiira akapeza wabuluu, mwala pakamwa. Langford anaona mnyamata wa kwawo, amene ankaimba naye kwaya, akupondedwa pamimba ndi amuna atatu. Anaona Valentino atakulunga tcheni cha njinga kudzanja, akukwapula aliyense wodutsa. Lefa anathawira kumadzi ndi wisulo yake.

Munthu wina anamugwira mkono, n'kuona buluu, n'kumumenya chibakera pakhutu. Anali msuweni wake weniweni.

"Wagulitsa mtundu chifukwa cha chitenje," anatero msuweniyo, n'kumuwonjezera china.

Langford sanabwezere. Anadzuka n'kuthamangira kumene kunali mbaula, akuitana dzina la Arminda, utsi ukumutsamwitsa. Mawu a Everisto a dzulo lija ankalira m'mutu mwake.

Ndipo anamva mawu a Arminda.

"Nisiyeni! Nisiyeni, nakana!"

Mwamuna wina, atafunda saka kumutu poopa miyala, ankamukoka Arminda kulowera kumsewu, kumene kunaima lole ya Makasu. Mtsikanayo ankakanira, mapazi akukwekwereza pansi, chitenje chitamasuka. Mkono umene unamugwirawo unali ndi mizere yofiira mpaka m'chigongono.

Langford sanaganize. Anatola nkhafi imene inagwa pansi, anaigwira ndi manja awiri ngati akudula mtengo, n'kuitsitsa ndi mphamvu zake zonse kumbuyo kwa sakalo. Inalira ngati dzungu likaphulika. Munthuyo anagwada, kenako anagwa chafufumimba.

"Thawa, Arminda, tiye!"

Arminda sanathawe. Anagwada pafumbi n'kukoka saka lija, ndipo kulira kumene kunatuluka m'kamwa mwake Langford sadzakuiwala mpaka m'manda.

"Baba. Mayo ine, baba."

Mwana aliyense wa ku Mphuka akanamuuza. A Bonifasio akalemba mlendo, chala chimene chatsala ndi penti amachipukutira pamkono wawo, ndipo pofika madzulo a bola mkono wawo umakhala wofiira kuposa wa mlendo aliyense. Anthu amawaseka nazo chaka ndi chaka. Mkuluyo ankachotsa mwana wake pamoto, ndipo mwanayo ankakana chifukwa ankafuna kubwerera akafune Langford.

* * *

Langford anawabereka a Bonifasio kumsana iye mwini. Magazi otentha ankayenderera m'khosi mwake n'kulowa m'malaya. Pamsewu anaimitsa kagalimoto konyamula nsomba, ndipo anawagoneka pamwamba pa madengu, mutu uli pamiyendo ya Arminda. Galimotoyo inanyamuka kulowera ku Boma.

"Arminda, ine n'naona monga..."

"Khala chete."

"Nizawauza. Akauka nizawauza nekha."

Mtsikanayo anamuyang'ana ndi maso ofiira. M'menemo munali chikondi, munalinso chinthu china chimene Langford anali asanachionepo, ndipo chinamuopsa.

"Ukakamba, Valentino azakupha, ine anipereka kwa Eston mwezi usanathe. Ndiye uzakhala wanimenyera baba, wanitayanso ine. Kunali utsi, palibe anaona. Wamva? Palibe anaona."

"Nanga iwe? Uzaniona bwanji?"

"Izo usanifunse lero."

Anapukuta nkhope ya bambo ake ndi nsonga ya chitenje mpaka anafika.

* * *

Kuchipatala cha pa Boma kunali kodzaza, abuluu ndi ofiira pamzere umodzi, aliyense atagwira pamene pakuwawa. Lole ya Makasu inali itafika kale, galasi lakutsogolo litaphwanyika. Pabenchi ya pakhonde, pansi pa zenera, panakhala Everisto, malaya atamanga kumutu, diso limodzi litatsekeka. Ataona mng'ono wake atabereka mkulu wa ku Mphuka, anatembenuzira nkhope kumbali.

A Bonifasio anawasoka, ndipo dzuwa likupendeka anatsegula maso. Namwino anati mutu wa asodzi ndi wouma, koma agone kaye pomwepo awaone. Pamenepo n'kuti Valentino atafika, tcheni chija chikadali kudzanja, pamodzi ndi Eston amene malaya ake analibe ngakhale kadontho. Munthu ameneyu ndewu yonse anaionera patali, koma polowa m'chipinda ankapuma ngati ndiye wamenya kwambiri.

"Ndani ananinyamula?" anafunsa mkuluyo ndi mawu osasa.

"Ni Langford, baba," anatero Arminda.

A Bonifasio anayang'ana malaya a mnyamatayo, ofiira kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Anatambasula dzanja. Langford anayandikira, ndipo mkuluyo anamugwira zolimba.

"Magazi anga wawanyamula pamsana, abale ako akuona. Ine n'nali kukuyesa mdani. Nikatuluka muno, munthu wako abwere. Mbuzi nizapha nekha."

Amenewa ndi mawu amene Langford anawalota kwa chaka chathunthu. Anafika tsopano. Anatsegula pakamwa, koma phazi la Arminda linaponda lake.

"Zabwino izo," anatero Eston, akupukusa makiyi a boti pachala. "Koma ine chinidabwitsa chimodzi. Munthu amenyedwa na nkhafi, chida chathu, pakati pa anthu athu, ndipo palibe adziwa? Mulamu Valentino, ufuna ukagone osadziwa amene anafuna kupha baba ako? Arminda anali pomwepo. Anali m'manja mwawo."

Valentino anatembenukira kwa mlongo wake.

"Kamba."

"Kunali utsi."

"Utsi unakulepheretsa kuona munthu ali pafupi monga ine na iwe? Kamba, Arminda. Kapena umubisa?"

"Amubisa chifukwa chiyani?" anafunsa Eston mofatsa, maso ake ali pa Langford. "Kapena ni munthu amene amudziwa?"

A Bonifasio nawo anatembenuza mutu pang'onopang'ono, bandeji ikukhuza pilo.

"Mwana wanga, sunaninamizepo. Unamuona?"

Langford anaona maso a Arminda akuthamanga, kwa bambo ake, kwa tcheni, kwa Eston, ngati mbalame yolowa m'nyumba. Anadziwa kuti akufuna dzina, dzina lililonse loti aponye pakati pawo, ndipo mochedwa anakumbukira kuti mwa anthu onse a ku Makasu mtsikanayu ankadziwa mayina awiri okha.

"N'namuona, baba," anatero Arminda, osamuyang'ana Langford. "Ni uja wa ng'oma. Everisto."

Valentino sanafunse kawiri. Anamangitsa tcheni kudzanja n'kutuluka, ndipo Eston anamutsegulira chitseko.

"Iyayi, dikirani, si..." Langford anafuna kudumpha, koma dzanja la msodzi, lozolowera kukoka ukonde, linamukanikiza pamkono.

"Khala pano, mwana wanga. Nidziwa ni mkulu wako, chikuwawa. Koma iwe manje ndiwe wathu. Izo zisiyire eni ake."

Arminda anali atagwada m'mbali mwa bedi, nkhope ataibisa m'bulangete, dzanja lake litagwira mwendo wa buluku la Langford kuti asasunthe. Panja, pansi pa zenera, benchi inagwa. Mawu oyamba kumveka anali a Everisto, akuitana dzina la mng'ono wake.